Masewero Otsiriza a Nazareno

Eusebio Quiroga anali ndi mwana, Nazareno, amene Argentina yense ankamuimbira nyimbo, koma iye mwini anali asanamuonepo akusewera mpira wa akuluakulu.

Zinayamba tsiku limene Nazareno analowa koyamba m'timu yaikulu ya ku Córdoba. Basi imene Eusebio anakwera inafera panjira, masewero anangowamvera pa wailesi ya dalaivala, ndipo mnyamatayo anagoletsa zigoli ziwiri. Wokonda mpira aliyense amadziwa kuti chimene chabweretsa mwayi sachisintha. Choncho Nazareno anapita ku Ulaya, anavala malaya a dziko lake, ananyamula zikho, bambo ake ali pakhonde ndi kawailesi, atafulatira zenera kuti asaone kanema wa m'nyumba. Ngakhale zobwereza pa kanema ankazizemba.

Tsopano Nazareno anabwerera kwawo kudzasewera komaliza.

"Lero mupita," anatero Ofelia, mkazi wake, akumusitira malaya.

"Nanga akathyoka mwendo ine ndikuyang'ana?"

"Mdala inu, ndiye kuti zaka zonsezi amene amasunga mwana wanga ndi msana wanuwo? Ine ndimayesa ndi Ambuye. Mawondo angawa athera ku Misa pachabe eti?"

"Iwe umapemphera, ine ndimafulatira. Ntchito timagawana."

"Simeoni wa m'Baibulo anakalamba akudikira kuti aone Mpulumutsi. Inu mwakalamba mukuthawa. Valani!"

Eusebio anayang'ana malaya amene anali m'manja mwake. Mumtima mwake munali Nazareno wa pa wailesi, amene aulutsi ankati mapazi ake sakhudza udzu, amene ankadutsa anthu ngati mphepo m'munda wa tirigu. Ankamulakalaka mwana ameneyo monga nswala ilakalaka mtsinje. Anavala.

M'bwalo munali chinamtindi cha anthu, ng'oma, mapepala oyera akugwa ngati mana. Ofelia anamulozera: "Uyo apoyo."

Eusebio anaona munthu wadazi, bondo lomangidwa nsalu, woyenda kuposa kuthamanga. Mpira ukamupeza ankaukhazika bwinobwino n'kuupereka kwa anyamata. Kamodzi kokha anayesa kudutsa munthu. Phewa linapita uku, chiuno uko, khamu linaimirira, koma miyendo inakana ndipo mpira unalandidwa. Anthu anaimbabe dzina lake. Eusebio anagwira dzanja la mkazi wake. Kanthu kakang'ono kameneko, kutembenuka kwa phewa, n'kamene kanatsala pa zonse zimene anazifulatira.

Masewero atatha, Nazareno anabwera kuwaya wotchinga bwalo akupuma movutika.

"Ababa! Mwabweradi? Mwaona?"

"Ndaona, mwana wanga. Ukutsimphina ngati agogo ako."

Nazareno anaseka, kenaka anapisa zala m'mawaya n'kugwira za bambo ake.

"Mukanabwera kale, ababa. Ndinkakufunani m'khamu paliponse."

Eusebio anafuna kufotokoza za basi ija, za mwayi, koma anazisiya.

"Unkathamanga kwambiri, eti?" anafunsa motsitsa.

"Kwambiri, ababa."