Nyemba za m'Botolo

Lonjezolo linali laling'ono, lokwana m'dzanja limodzi. Tsiku limene mwana wawo wamkazi ankanyamuka kukayamba uphunzitsi kutali, bambo anakhuthulira nyemba palichero n'kuzigawa pawiri ndi chala.

"Mulu uwu ndi wako, uwu ndi wa mlongo wako Khasu. Mbewu sigona zaka zambiri. Chaka chilichonse ilowe m'nthaka, ngakhale mzere umodzi. Mwamva?"

"Tamva, bambo."

"Kumva zamva ndi nkhuku zomwe. Ine ndikufuna mawu."

"Tidzabzala," anatero onse awiri.

Nyembazo zinali zazing'ono, zakuda, zokhala ndi kadontho koyera ngati diso. Mayi anazisokerera mumpendero wa diresi pamene iwo ndi bambo ankathawa nkhondo kwawo. Pamalire asilikali analanda njinga, wailesi ndi bulangete, koma mpendero sanaupapase. Eni dera anawalozera malo kumiyala, kumene ngakhale mbuzi zinkapita modandaula. Bambo anazula miyalayo zaka zinayi n'kumangira mpanda, ndipo m'mbali mwa mpandawo ndimo munkakhala mzere wa nyemba. Mlendo ndi mame, ankatero anthu, koma mame awa anakana kukamuka. Ana anabadwira pompo, adzukulu pompo, bambo anaikidwa pompo. Komabe wofunsa njira ankamuuza kuti, "Pitirirani, n'kwa Obwera uko."

Patapita zaka makumi awiri ndi chimodzi, mwana wamkazi uja, amene tsopano ankangotchedwa Mphunzitsi, anatsika basi chifukwa Khasu anamuimbira foni kuti mayi sakudzukanso. Pamaliro a bambo sanafike; uthenga unamupeza mochedwa, kapena ndi mmene iye ankafotokozera. Mtengo wa mango umene ankadikirirapo basi kale anali ataudula, pamalo pake pali kagolosale. Mwini golosaleyo anamuyang'ana nsapato n'kufunsa kuti, "Mayi, ndinu mlendo wa ndani?"

Khasu anamuchingamira pachipata, matope ali m'miyendo.

"Tawonani, mvula yagwa m'chilimwe! Achemwali, mwanenepa ngati simunatisoweko."

"Iwenso wakalamba ngati wamkulu ndiwe."

Anaseka pang'ono, kuseka n'kuwathera m'kamwa.

Bedi la mayi linali pawindo loyang'ana kumpanda. Anamugwira mwana wawo kumaso, kumakutu, m'khosi, ngati akusankha dzungu.

"Wabwera. Ndiye undithandize, mlongo wakoyu akundinamiza. Chaka chino akuti mbewa, chaka chatha ankati dzuwa. Ine maso anatha, koma mphuno ilipo. Nyemba zathu zikachita maluwa fungo limalowa pawindo pano. Zaka zingati tsopano ndikungonunkhiza fumbi?"

"Mukufuna tikuphikireni, mayi?"

"Ndidye ndi mano ati? Ndingozigwira zitamera basi. Ndikakafika kwa bambo anu, funso loyamba likakhala limenelo."

Mphunzitsi anamupeza Khasu kuseri kwa nkhokwe akunola chikwanje chomwe chinali chakuthwa kale.

"Nyemba zili kuti?"

"Tinadya."

"Mbewu?"

"Mbewu. Chaka cha njala chija, zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Inu munatitumizira kalata yabwino kwambiri, ndinaisunga. Koma mwana akamalira njala sumufotokozera mbiri ya agogo ake. Alamu anu anaphika, ine ndinayang'ana kumbali. Mumtima ndinkati, achemwali ali nazo."

"Ndili nazo," anatero Mphunzitsi.

Anakatsegula sutikesi n'kutulutsa botolo lokulungidwa mujuzi. Khasu analilandira ndi manja awiri, nkhope yake n'kubwerera ubwana. Anaitana mkazi wake mofuula. Kenako analikweza botololo kudzuwa, n'kuligwedeza pafupi ndi khutu. Nyembazo zinalira mouma, ngati timiyala.

"Ndi za chaka chiti izi?"

Mphunzitsi anayang'ana nkhuku imene inkapalasa pafupi.

"Achemwali, ndafunsa. Munakolola liti?"

"Ndi zomwe zija."

"Zija za palichero?"

Kumene Mphunzitsi ankakhala kunalibe nthaka. Inali nyumba yosanja, chipinda chake chili pamwamba, pansi pali simenti ndi magalimoto. Botololo linkakhala pashelefu, pakati pa mabuku, ndipo Loweruka lililonse ankalipukuta fumbi. Alendo akafunsa, ankawasimbira za mpendero ndi asilikali, ndipo ankasimba bwino, moti ena ankagwetsa misozi. Ana asukulu mazanamazana anaphunzira kwa iye mmene mbewu imamerera, atajambula pabolodi muzu ndi tsinde.

"Ndinkati iwe uli ndi munda," anatero.

"Ine ndinkati inu muli ndi nzeru."

Mlamu, amene anaima chapatali akupukuta manja, anapukusa mutu. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nonse awiri munkadalira wapachala. Bweretsani kuno, kukangana sikumeretsa kanthu."

Anatenga theka la nyembazo, n'kuziyala pansalu yonyowa m'mbale, n'kuvindikira. Theka lina Khasu anakalibzala m'mbali mwa mpanda, ndipo Mphunzitsi ankathirira m'mawa ndi madzulo, ndowa ikumutupitsa manja. Tsiku lachitatu za m'mbale zinafufuma, iye n'kuthamanga kukaitana onse.

"Ngakhale mtembo umafufuma, alamu," anatero mlamuyo motsitsa mawu.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi mbale inayamba kununkha. Kumpanda kunamera udzu wokhawokha. Khasu anafukula phando limodzi ndi chala, napeza khungu lakuda lopanda kanthu m'kati.

"Zamera?" mayi ankafunsa m'mawa uliwonse.

"Nthaka ikadali yozizira, mayi."

Nzeru yogula nyemba kumsika inachokera kwa Khasu, koma amene anakasankha anali Mphunzitsi. Anayenda mabenchi onse mpaka anapeza zakuda, zazing'ono, zopanda kadontho. "Kadontho kamatsala m'nthaka," anatero. "Tsamba ndi tsamba basi." Izi zinamera msanga, zonse, mosangalala ngati ana a eni mudzi.

Zitatulutsa masamba anayi, anawanyamula mayi pampando, wina uku wina uku. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Anawatsitsa pafupi ndi mpanda, Khasu n'kuwatsogolera dzanja. Zala za mayi zinatsika ndi tsinde mpaka pansi, zinakweranso, zinatembenuza tsamba n'kulisisita kunsi kwake. Anatero nthawi yaitali. Kenako anagwira lachiwiri, ndi lachitatu.

"Zamera bwino," anatero. "Ndi za ndani?"

Khasu ndi Mphunzitsi anayang'anana.

"Zathu zili ndi ubweya kunsi kwa tsamba, zimakanda ngati lilime la mphaka. Ndinazipalira zaka makumi asanu, ana inu." Anapukuta zala pachovala chawo, pampendero penipeni. "Musazizule, n'chakudya. Ndibwezereni m'nyumba, kunja kuno kukuzizira."

Atawagoneka anapempha kuti bedi alisunthire kukhoma lina, akuti pawindo pakulowa mphepo. Za nyemba sanafunsenso. Anamwalira patatha milungu itatu, za kumsika zija zili m'maluwa, ndipo anawaika pambali pa bambo. Anthu anabwera ambiri. Wolankhula m'malo mwa mudzi anayamikira kuti malemuwa, ngakhale anali obwera, ankakhala bwino ndi anthu.

Mphunzitsi anakwera basi Lolemba. Botolo analisiya pawindo. Mlamu analitsuka n'kuthiramo mchere.

Mvula itagwa, Khasu anabzala chimanga mpaka kukagunda miyala ya mpanda. Nyemba za kadontho sizinalowe m'nthaka chaka chimenecho, ngakhale chaka china chilichonse pambuyo pake.