Mankhwala a Nthambi Zinayi

Mu labotale munali mipando inayi, koma chichokereni abwana ake ndi ophunzira awo awiri kupita kunja, wokhalapo anali mmodzi. Anzake a m'maofesi ena ankangomutchula kuti Wamikanda, chifukwa tsiku lina pofotokoza ntchito yake anati, "Ine ndimatunga mikanda yosaoneka ndi maso."

Sananame. Ntchito yake inali yolumikiza timikanda totchedwa timaamino asidi kamodzikamodzi mpaka tipange kachingwe kotchedwa peputayidi. Ankafuna kachingwe kopha mabakiteriya a m'zilonda zosapola, aja osamvanso mankhwala. Vuto linali lakuti kachingwe kowongoka kakangolowa m'magazi, thupi limakaduladula msangamsanga. Ndiye iye anaganiza zopanga kokhala ndi nthambi zinayi zochokera pa tsinde limodzi, kuti thupi lisowe pokagwira. Zaka zitatu zinatha akuyesa, ndipo maulendo makumi anayi mabakiteriya sanatekeseke n'komwe.

Lachitatu m'mawa anatsegula kabati yofunditsira mabakiteriya n'kutulutsa kambale ka galasi, ka nambala 41. Kambale konse kanali mbuu ndi tizilomboto, kupatula pakati pomwe anadonthezapo mankhwala dzulo lake. Pamenepo panali poyera mbee, kukula kwake ngati chivindikiro cha botolo.

"Taonani!" anakuwa, akutembenukira kumpando wa abwana. Pampandopo panali katoni ya magolovesi.

Anatuluka kambaleko kali m'manja. Pakhonde anapeza mayi okolopa okha.

"Mayi, tasuzumirani pakatipa."

Mayiwo anatsamira ndodo ya mopu nasuzumira. "Ndiye pamene palibe kanthupo ndi pamene mukusangalala napo?"

"Pomwepo, mayi."

"Zili bwino, mwanawe. Koma musaponde uko, sikunaume."

Anabwerera n'kuimbira foni achimwene ake, omwe amayendetsa lole ya simenti.

"Mlongo, ndili pamsewu, nena msanga."

"Achimwene, zija ndimapanga zija zagwira."

"Zanthambi zija? Nanga bondo langali ulipangira liti mankhwala? Sukulu yonse ija, mchimwene wako n'kumatsimphina chonchi?"

Achimwenewo anaseka, iyenso anaseka nawo. Ankafuna awakumbutse kuti chilonda cha pamwendo chimene chinatenga bambo awo chinali cha mabakiteriya omwewa, koma kunamveka hutala, foni n'kuduka.

Kenako anatumizira abwana ake chithunzi cha kambaleko. Yankho linabwera nthawi yomweyo, lolembedwa ndi makina, lonena kuti iwo sali pa ofesi mpaka mwezi wamawa.

Panatsala mayeso amene ankawaopa. Anatenga magazi a nkhosa m'firiji, n'kuwasakaniza ndi mankhwala aja m'kabotolo, kenako n'kukaika m'makina opukusa. Maselo a magazi akapanda kuvulala amakhazikika pansi, madzi a pamwamba n'kuyera. Atatulutsa kabotoloko, madzi onse anali psuu. Nthambi zimene zinang'amba mabakiteriya zinang'ambanso maselo a magazi. Mankhwala otere sangaperekedwe kwa munthu.

Anakhala pansi kabotoloko kali m'manja mpaka kanafunda. Panalibe womuuza kuti pepa, panalibenso woti akangane naye za chimene chalakwika. Nthawi ya nkhomaliro anadya buledi wake ataimirira pawindo, akuyang'ana anthu akupita kukantini awiriawiri.

Masana anatsegula kope lake n'kuyang'anitsitsa chojambula cha nthambi zija. Kunsonga kwa nthambi iliyonse anali atadzazako timikanda tokonda mafuta, ndipo anaganiza kuti mwina ndi timeneti tikuboola selo iliyonse mosasankha. Anafufuta tiwiri pa nthambi iliyonse n'kulembapo tokonda madzi. Mphamvu yopha mabakiteriya ikhoza kuchepa, ankadziwa, koma njira yodziwira inali yomweyo yopanganso. Kupangako kunali kwa masiku asanu ndi anayi, popanda wosinthana naye.

Pofika nthawi yoweruka anali atayeza kale pasikelo ufa woyamba wopangira mankhwala atsopanowo. Anazimitsa magetsi, natseka chitseko, n'kukasiya kiyi kwa mlonda wa pageti, amene analandira osakweza mutu pa nyuzipepala.