Chigoli Chimene Kaputeni Sanachione

Mpira utagwedeza ukonde, bwalo lonse linaphulika ndi phokoso, ndipo Kaputeni anatembenukira kumanzere monga mwa chizolowezi chake.

"Ndani ameneyo, Ndevu?"

Pampandopo panali botolo la madzi lopanda kanthu basi. Ndevu anali atasiya ntchito mwezi wathawo n'kupita ku magazini, kumene ankalemba za nsapato ndi magalimoto a osewera otchuka, ntchito yosapsa nayo dzuwa Loweruka lililonse. Asanachoke iye, mnzawo wina anali atalowera ku wailesi, wina n'kutsegula tsamba lake pa intaneti. Pa desiki ya zamasewero ya nyuzipepala yawo panatsala Kaputeni yekha, amene anzake anamupatsa dzinalo chifukwa anali wamkulu pa onse.

Chimene ku ofesi sankadziwa n'chakuti maso a Kaputeni anali atachita ng'ala. Mitundu ya majezi ankaisiyanitsa, mpira ankautsatira, koma manambala a kumsana anali atasanduka utsi. Ndevu yekha ndiye ankadziwa. Chigoli chikalowa ankamunong'oneza dzina, akumaseka kuti, "Ine maso, inu mutu, nkhani yatheka." Kaputeni ankabisa dala, pakuti mabwana anali pakalikiliki kufunafuna oti awachotse ntchito, ndipo mtolankhani wa mpira wosaona sangavute kumusankha.

Tsopano patsogolo pake panakhala atolankhani a masiku ano, aliyense ataweramira foni yake. Akanatha kutambasula dzanja n'kukodola mmodzi. Koma munthu amene anawaphunzitsa kulemba ndime yoyamba angafunse bwanji kuti wagoletsa ndani? Anangotchera khutu, n'kumva ochemerera akuimba dzina la Mphepo, katswiri wa timu yofiirayo. Analemba kuti Mphepo, nkhani n'kuitumiza nthawi isanathe.

Sanadziwe kuti Mphepo ankamuimbira chifukwa chopyola anthu atatu n'kupereka mpirawo kwa wina.

Lolemba m'mawa foni inalira ali m'basi. Anali Ndevu.

"Akulu, mwalemba chiyani pamenepa? Anagoletsa ndi mnyamata wa nambala 23, uja amangotenthetsa benchi."

Kaputeni anakanikiza foni pakhutu.

"Bwanji osandiimbira?" anapitiriza Ndevu. "Ndinakuuzani kalekale, bwerani kuno. Kuno sitithamangitsana ndi wenzulo. Mumakhala ndi munthu pansi, kumwa naye tiyi, n'kulemba mwezi wonse."

"Ndizikalemba za nsapato ine? Ndi imvi zangazi?"

"Nsapato sizidandaula mukalakwitsa dzina," anatero Ndevu, koma kuseka kwake kunali kwachisoni.

Atafika ku ofesi anadutsa madesiki atatu opanda anthu, makompyuta ake ataphimbidwa ndi nsalu. Mkonzi anamuitana asanakhale n'komwe. M'chipindamo munali mayi wina wovala yunifolomu yobiriwira ya anthu oyeretsa m'chipatala, nyuzipepala itapindidwa bwinobwino pamiyendo.

"A Kaputeni, awa ndi mayi ake a mnyamata amene anagoletsa Loweruka," anatero mkonzi. "Ndawafotokozera kale kuti zinasokonekera ku makina osindikizira. Mawa tikonza."

Anamutsinzinira Kaputeni diso. Mkonziyo sanali munthu woipa, ankangofuna kuti nkhaniyo ithe msanga apite ku msonkhano.

Mayiwo sanakweze mawu, ndipo zimenezo ndi zimene zinapweteka kwambiri.

"Bambo, ine sindinabwere kudzakangana," anatero. "Za mpira sindizidziwa. Mwana wangayu wakhala pa benchi mpaka anzake kumamutcha mlonda. Loweruka ndinasinthana ntchito ndi mnzanga kuti ndikamuone, ndipo ndinamuona ndi maso angawa. Dzulo ndinalawirira kukagula nyuzi kuti ndikawawerengere bambo ake, amene sadzuka pabedi chigwereni sitiroko. Ndawerenga mpaka pansi, dzina la mwana wanga mulibe. Bambo ake anangondiyang'ana ngati ndinawanamiza."

"Koma pa intaneti analemba zolondola, mayi," anatero mkonzi.

"Bambo ake za pafoni sazikhulupirira. Amati chimene a Kaputeni sanalembe sichinachitike. Akhala akuwerenga nkhani zawo kuyambira tisanakwatirane."

Kenako anatembenukira kwa Kaputeni.

"Kodi inuyo kubwaloko munaliko?"

"Ndinaliko, mayi."

"Ndiye makina analowa pati?"

Kaputeni anayang'ana nkhope ya mayiwo, imene ankaiona ngati kudzera pa galasi lonyowa. Njira yothawira inali yotseguka, mkonzi anali ataitsegula yekha. Akanangogwedeza mutu, ntchito ikanakhalapobe. Koma anaganiza za bambo wogona uja, akumukhulupirira iye kuposa mkazi wake amene anaona yekha, ndipo anachita mantha ndi Loweruka lotsatira, ndi lina lotsatira pamenepo.

"Si makina," anatero. "Sindinaone. Maso angawa anayamba kufa kalekale. Amene ankandionera manambala anali Ndevu."

Mkonzi anavula magalasi ake n'kuwaika patebulo pang'onopang'ono.

"A Kaputeni, zimenezi mukanandiuza tili awiri."

"Tili awiri ndikanakunamizani, bwana. Ndimadzidziwa."

Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa chiphaso cholowera kubwalo, chingwe chake chitachita kuda ndi thukuta, n'kuchiika pafupi ndi magalasiwo. Mkonzi sanachikhudze.

"Ndiye Loweruka nditume ndani? Mukuona nokha kunjako, madesiki okhaokha."

Kaputeni anangopempha chinthu chimodzi, kuti tsamba lomaliza la mawa amupatse lonse, osati kamzere kopepesa kobisika pansi pa zotsatsa malonda. Mkonzi anapumira m'mwamba n'kuvomera.

Anawatengera mayiwo ku desiki yake, n'kuwakokera mpando wa Ndevu.

"Tandiuzeni mmene chigolicho chinalowera," anatero. "Musasiye kalikonse."

"Ine, bambo? Ndati mpira sindiudziwa."

"Mwana wanu mumamudziwa. Yambani pamene ankavula jekete."

Mayiwo anayamba monyinyirika, kenako anamasuka. Anafotokoza mmene mwanayo anapunthwira polowa, mmene anamenyera mpira ndi mwendo wamanzere umene anauthyola ali wamng'ono, mmene atagoletsa anaima osadziwa kothamangira, akufunafuna mayi ake m'chigulu cha anthu. Pofotokozapo anaimirira n'kuponya mwendo, nsapato n'kuvuka, onse awiri n'kuseka mpaka misozi. Kaputeni ankalemba ndi zilembo zikuluzikulu, mphuno itatsala pang'ono kugunda kompyuta. Inali nkhani yabwino kuposa zonse zimene analemba chaka chimenecho, ndipo ankadziwa kuti ndi yomaliza.

Lachiwiri mayiwo anatumiza uthenga kuti bambo aja anapempha kuti awawerengere mobwereza, kenako anaika nyuziyo pansi pa pilo.

Loweruka Kaputeni anakhala pakhonde pakhomo pake, wailesi ili pamiyendo, mkazi wake akuyanika zovala osamufunsa kanthu. Chakumapeto kwa masewero woulutsa anakuwa dzina la mnyamata wa nambala 23. Anali atagoletsanso.

Lamlungu mkazi wake anagula nyuzipepala n'kumuwerengera tsamba lomaliza. Munali za mpira wa kunja zokhazokha, zokopera pa intaneti. Za chigoli chachiwiri munalibe, chifukwa kubwaloko nyuzipepala inalibe munthu.