Chenjezo Limene Linabisala

Chaka chimenecho, makuponi a feteleza asanafike, bungwe la alimi a fodya ku Lisasadzi, m'boma la Kasungu, linalamula kuti malaputopu onse a mu ofesi atsekedwe ndi pulogalamu yobisa zonse za mu disiki. Anali ndi chifukwa. Chaka chapitacho mbala inanyamula laputopu imodzi pamsika, ndipo mayina a alimi ndi manambala a ziphaso zawo anayenda m'manja mwa mavenda ogula makuponi. Ndiye akuluakulu anati basi, wakuba akatsegula azingoona zosawerengeka.

Ntchitoyo anaipereka kwa Vailet, woyang'anira makompyuta, amene anaphunzira ku Lilongwe n'kubwerera kwawo ati tauni imamupweteketsa mutu. Ankasangalala nayo ntchito yake, mayi ameneyu. M'mawa ankapalasa njinga pakati pa anthu othirira nazale za fodya, n'kufika mu ofesi akuimba nyimbo ya kwaya. Malangizo otsekera disiki anawatenga pa tsamba la pa intaneti la eni pulogalamuyo, n'kusindikiza, n'kugawira makalaliki onse.

Tsoka linagwera a Esitere, kalaliki wamkulu, amene pa zaka khumi ndi zisanu anali asanalakwitsepo dzina la mlimi. Anatseka disiki yawo bwinobwino, koma patatha mlungu mawu achinsinsi anawathawa m'mutu. Zikatero munthu amatsegula ndi kiyi yopulumukira, manambala ataliatali amene amayenera kukopera pambali potseka paja. A Esitere analibe. Mayina mazana anayi anatsekeredwa mkatimo, ndipo panafunika kuwalembanso kuchokera m'mabuku a pamanja.

A Aloysius, manijala wa bungwe, sanachedwe kuweruza. Anati mayiwa akalamba, anadumpha mzere wonena za kiyi, ndipo Lachisanu komiti ikakumana adzapempha kuti apume pa ntchito. A Aloysius si munthu woipa ayi, kungoti pakamwa pawo pamathamanga kuposa mutu.

Lachitatu masana, kunja kukutentha koopsa, a Esitere anabwera pa tebulo la Vailet ndi pepala lawo lija. Mayiwa ali ndi chizolowezi chimene anachitengera poitana mayina pa tsiku logawa makuponi: chilichonse chimene achita amachichonga ndi bolopeni yofiira. Pepala lonse linali lochongedwa, mzere ndi mzere.

"Mwana wanga, ine sindidumpha mzere," anatero. "Ndisonyeze pamene palembedwa za kiyi."

Vailet anawerenga kawiri. Panalibe. Anachita manyazi, pakuti iye za kiyi ankazidziwa kuchokera kusukulu, ndiye pepalalo anangolisindikiza osaliwerenga n'komwe.

Anatsegula tsambalo mmene olilemba amalionera, mawu osakanikirana ndi tizizindikiro touza kompyuta kuti apa ndi mutu, apa ndi mndandanda, apa musaonetse owerenga. Sanafufuze nthawi yaitali. Wina mwa olembawo anadzilembera kachikumbutso kake, n'kutsegula chizindikiro chobisira mawu, koma anakachitsekera kutali, mizere itatu pansi. Chenjezo lonse la kiyi linamezedwa mmenemo, ngati mbeu yokwiriridwa ndi dothi lambiri. Linalipo ndithu, lolembedwa bwino, koma palibe wowerenga amene akanaliona.

Pa kope lake la tsambalo anasuntha kachizindikiro kotsekerako n'kukaika pamalo pake, chenjezo n'kutulukira poyera. Ndiye poti anali atalowamo kale, anapitiriza kupalira. Anakonza mndandanda umene manambala ake ankayambiranso pa wani pakati pa njira, ndi mawu ena amene anada bii mpaka pansi pa tsamba chifukwa choiwala kutseka. Ntchito yotere imamukomera Vailet, moti anaiwala ndi chinangwa chake cha nkhomaliro chomwe. Atamaliza anatumiza zokonzazo kwa eni pulogalamu, anthu a kutali amene sanawaonepo, ndi kalata yaifupi yofotokoza zimene zinachitikira kalaliki wina ku Kasungu.

Chotsala chinali cholemera. Analowa mu ofesi ya a Aloysius ndi mapepala awiri, lakale lochongedwa ndi latsopano, n'kuwauza mosazungulira kuti wolakwa si a Esitere. Tsamba linali lopunduka, ndipo amene analigawa osaliwerenga ndi iyeyo. Ngati komiti ikufuna munthu woti imudzudzule, ndi ameneyu waima apayu.

A Aloysius anayang'ana mapepalawo nthawi yaitali, akukanda m'mutu. Kenaka anadzuka okha kupita pa tebulo la a Esitere, n'kupepesa pamaso pa aliyense, chipewa chili m'manja. Nkhani yopumitsa munthu inathera pomwepo.

Lachisanu m'mawa yankho linafika: zokonza zija zalandiridwa, tsamba lasinthidwa, zikomo. Vailet anasangalala kwambiri, mpaka anawerengera anzake uthengawo katatu. Anasindikiza tsamba latsopano n'kuyamba kupereka kwa a Esitere, amene anali pa dzina la nambala mazana awiri polembanso mayina aja.

Mayiwo sanathokoze msanga. Anamukokera mpando, n'kumupatsa pepalalo m'manja mwake pamodzi ndi bolopeni yofiira ija.

"Khala apa," anatero. "Uwerenge mokweza kuyambira pamwamba, ndipo uzichonga wekha."