Ndowa ya Thumbiko

Matako a Thumbiko sankadziwana ndi mpando. M'kalasi mwake, pa sukulu ina ya pa Rumphi Boma, ankagwedeza desiki, kutafuna pensulo, kudzuka popanda womuitana. Mphunzitsi wake, Mayi Dinah Gondwe, akatopa naye ankamupatsa chibalo: atenge ndowa, akapope madzi pamjigo, athirire mitengo ya kuseri kwa kalasi. Akabwerako ali thukuta kamukamu, mwanayo ankakhala phee n'kulemba masamu onse. Mayiwo ankangoti chibalo chamuopsa.

Tsiku lina bambo ake, a Laws Mhango, anadutsa pasukulupo panjinga yamoto n'kuona mwana wawo akudzandira ndi ndowa. A Mhango anali munthu wophunzira, mkulu wa mpingo, wovala tayi ngakhale Loweruka. Anatsika ali olusa, molunjika ku ofesi ya ahedi. Anati ino ndi nthawi ya demokalase, ana ali ndi ufulu wawo, ndipo iwo anatumiza mwana kudzaphunzira, osati kudzagwira ganyu. Chizungu chinatuluka chambiri tsiku limenelo. Ahedi anapepesa, ndowa inakatsekeredwa m'sitolo ya makasu.

Apa ndiye zinthu zinafika poipa. Thumbiko anayamba kuimba likhweru mphunzitsi ali pabolodi. Anagwetsa benchi. Anakwera pawindo. Mayi Gondwe ankangomuyang'ana, manja ali m'khosi, poti chibalo anawaletsa. Kenako Thumbiko anatsina mnzake pamkono mpaka magazi, ndipo ahedi anaitanitsa a Mhango. Ulendo uno sanapepese. Anati makolo a ana ena akudandaula, choncho mwanayo akangolakwanso kamodzi, akamufunire malo kwina.

A Mhango anachita manyazi, ndipo manyaziwo anasanduka mkwiyo. Atafika kunyumba anamutsekera mwanayo kuchipinda ndi buku, ati asatuluke mpaka aphunzire kukhala pansi ngati munthu. Akazi awo, a Muriel, anawapempha kuti amusiye akathamangeko panja. Iwo anakana, ati kumulekerera n'kumene kwamuwononga.

M'chipindamo munalibe mtendere. Bedi linkalira, chitseko chinkagwedera, china chake chinagwa n'kusweka. A Mhango anayesa kuwerenga nyuzi, koma ankangobwereza mzere umodzimodzi. Mwadzidzidzi phokoso linaleka, ndipo bata limenelo linawaopsa kuposa phokoso lija. Anavula lamba n'kutsegula chitseko.

Anamupeza Thumbiko ataimirira, akukankha khoma ndi manja onse awiri, mano ali gwa, mikono ikunjenjemera. Buku linali pansi pa bedi.

"Iwe mwana, ukufuna chiyani kwenikweni? Mnzako uja unamutsiniranji?"

Mwanayo sanachotse manja pakhoma.

"Adada, ndinagwedeza desiki, sanandipatse ndowa. Ndinagwetsa benchi, sanandipatse. Nanga ndilakwe chiyani kuti andipatse?"

Bambowo anafunsa kuti ndowayo akuifuniranji. Thumbiko analongosola mwachibwana, mawu akudukaduka. Anati akakhala pansi nthawi yaitali thupi limamuyabwa m'kati, posakandika, ndipo mawu a madamu amasokonekera ndi phokoso la aliyense. Koma akapopa mjigo mpaka mapewa kuwawa, n'kunyamula ndowa yolemera, kuyabwako kumatha, mawu a madamu amamveka okhaokha.

A Mhango anakhala pabedi, lamba uja ali pamiyendo. Chisoni chinawagwira. Anayang'ana timikono ta mwana wawo timene tinali tikadanjenjemera.

M'mawa mwake, belu lisanalire, amayi otunga madzi pamjigo wa pasukulu anaona zachilendo. Mkulu wa mpingo uja, tayi ili pakhosi, anaima pamzere pamodzi nawo, mwana wake akudumphadumpha pambali. Mayi Gondwe atatulukira ndi mabuku m'khwapa, a Mhango anapita kukawachingamira, nsapato zili matope okhaokha.

"Yewo, madamu," anatero motsitsa mawu. "Ndowa ija muitulutse. Azipatsidwa m'mawa uliwonse, asanalakwe."