Litsiro la mu giyabokosi

Make mapasa anagona chagada pansi pa galimoto, chitenje atachikulunga ngati thewera, sipanala ili m'manja. Zaka makumi atatu akuchapa maovololo a makaniko, lero makaniko anali iyeyo. Amuna ake, omwe aliyense ankawatchula kuti a Bawuti, anali pampando pakhonde, mkono uli lende. Sitiroko inawalanda mwendo, mkono ndi pakamwa, n'kuwasiyira maso ndi ndodo basi.

Mawa linali tsiku lawo la kuchipatala, ndipo chipatalacho si pafupi. Koma galimoto yawo, nkhalamba ya otomatiki, inali itayamba kudzuma posintha magiya, kenako n'kudumpha ngati yaponda moto. Make mapasa atasolola kachitsulo koyezera, anapeza oyilo wa mu giyabokosi ali bii, akununkha chopserera. Anakagula watsopano, wofiira ngati magazi.

Atangogwira bawuti wotsekera oyilo, ndodo inalira pakhonde. Gu, gu, gu.

"U... usa..." anatero a Bawuti, malovu akutsika.

Mlamu wake, mlongo wa a Bawuti, amene ankayanika zovala, anaseka kuti achimwene achita nsanje poona mkazi wawo akugwiragwira chibwenzi chawo chakale. Make mapasa nayenso anaseka pansi pomwepo.

"Khalani phee, bambo. Zaka zonsezi osamusintha oyiloyu, eti amakaniko. Ulesi."

Oyilo anatsikira m'beseni pang'onopang'ono, wolemera, ali ndi timchenga tonyezimira. Ndodo inalirabe mpaka inapulumuka n'kugwa pamasitepe. Palibe anaitola. Mlamu ananyamula beseni lija, nanena kuti mankhwala a chiswe apezeka aulere, n'kulunjika nalo ku khola la nkhuku.

Make mapasa anamanga bawuti, nathira wofiira uja ndi fanulo osataya ngakhale dontho. Analiza injini, nayeza oyilo injini ikulira, monga ankaonera amuna ake akuchitira. Zonse zinali m'malo mwake. Analowetsa giya yopita kutsogolo, naponda. Injini inabangula, galimoto ili chiimire. Anayesa yobwerera m'mbuyo. Chimodzimodzi. Nkhalamba ija inasiya ndi kudumpha komwe.

Anatsika, natola ndodo, nakagwada pafupi ndi mpando. A Bawuti analimbana ndi lilime lawo nthawi yaitali, mitsempha ya pakhosi ili tototo.

"Li... tsiro... lima... gwira."

Apo m'pamene Make mapasa anamvetsa. Mbale zogwiritsa magiya m'kati mwa giyabokosi zinaperepeseka kalekale. Timchenga tija, zinyenyeswa za mbalezo, ndi tomwe tinkazithandiza kugwirana. Mwamunayu ankadziwa. Sunali ulesi.

Anathamangira ku khola kuja, mwina n'kubwezeramo wakale uja. Anapeza beseni litavundikiridwa pansi, dothi litamwa kale zotsala. Mlamu ankapukuta manja ndi chiguduli, akumwetulira.

"Ndamaliza, mlamu. Chaka chino chiswe chigona ndi njala."

Make mapasa anabwerera pakhonde nakhala pansi, msana utatsamira mwendo wakufa wa amuna ake. Injini ankaimva ikulira, koma mphamvu zokaizimitsa analibe. Patapita kanthawi anatembenuka kuti awapukute malovu, ndipo chala chake chinawasiyira mzere wakuda pachibwano. A Bawuti sanamuyang'ane. Maso awo anali ku khola, kumene mitengo yake yopakidwa oyilo inkanyezimira padzuwa, yonona bwino kuyambira pansi mpaka pamwamba.