Penti Wakuda Wofika M'chiuno

M'mwezi wa Okutobala eni nyumba imene banja la a Chawanangwa Mhango linkachita lendi ku Area 25 anabwera ndi nkhani yosakoma. Nyumbayo anali ataigulitsa, ndipo pofika kumapeto kwa chaka banjalo linayenera kutuluka. Zoterezi sizidabwitsanso mu Lilongwe. Anthu akuchuluka, malo akuchepa, ndipo paliponse pamene padutsa msewu wa tala mitengo ya nyumba imakwera.

"Amayi a Lusayo, ulendo uno sitichitanso lendi," anatero a Mhango kwa akazi awo, a Sheila. "Zimene tasunga zaka zonse ndakhala ndikuyendetsa lole ku Kanengo zija, tigulire yathu. Ndatopa kunyamula mabedi pamutu."

A Sheila anavomera ndi mtima wonse. Koma ankadziwanso kuti ndalamazo zinali zokhazo. Akaphonya kamodzi, kwatha.

Nkhani ya ogula sichedwa kumveka. Sabata isanathe kunatulukira Kings, dobadoba, mmodzi mwa anthu aja amapezera ena nyumba n'kudyapo kangachepe. Anawatengera ku Mtandire, kumunsi cha kufupi ndi mtsinje. Nyumba yake inali yosiririka, malata atsopano, zipinda zazikulu, mtengo wotsika modabwitsa. Makoma anali achikasu, koma m'munsi anapaka penti wakuda wofika m'chiuno. A Mhango anali atayamba kale kuloza poika mipando.

"Bigi, iyi ndi dilu ya chaka," anatero Kings. "Mwini wake akusamuka, ndiye akufuna zachangu. Pali makasitomala ena akuilondalonda. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

"Nanga penti wakudayu bwanji wakwera chonchi?" anafunsa a Sheila. "Ena amalekeza m'kakolo."

"Ndi sitayilo yatsopano imeneyo, mayi."

Sitayilo imene a Sheila sanaionepo m'tauni yonseyi inawakayikitsa. M'mawa mwake anabwerera okha, osati kunyumba ija, koma kwa oyandikana nayo. Anapeza mayi wina wosoka zovala, a Zaituni. Pakhomo pawo anamangapo kakhoma kofika m'mawondo, moti polowa umachita kudumpha. Makina osokera anali atakwezedwa panjerwa.

Atalonjerana, a Sheila ananena chimene anabwerera. A Zaituni anasiya kupalasa makina.

"Amayi, sindikonda kuwononga malonda a mnzanga," anatero. "Komanso sindingakunamizeni. Kakhoma mwadumpha apoka sikokongoletsa ayi. Mvula ikagwa yambiri, madzi a kumtunda konseku amatsikira kuno. Penti uja akubisa mzere wa matope."

"Ndiye titani? Tili ndi miyezi iwiri yokha."

"Nyumba amaiona kawiri, dzuwa likuswa mtengo ndiponso mvula ikugwa. Ambiri amagulitsa m'chilimwe chifukwa nthawi imeneyi malo onse amaoneka abwino. Mufunse oyandikana nayo monga mwachitiramu. Mukumane ndi mwini wake maso ndi maso, osati dobadoba yekha. Kenako mupite ku khonsolo ya mzinda mukafunse ngati malowo ndi ololedwa kumangapo, komanso ngati akugulitsayo ndiye mwini wake."

A Mhango atamva zimenezi anapsa mtima. "Mawu a mayi mmodzi atilepheretse nyumba? Ndiye Disembala ikatha tikagona pati, pansi pa lole?"

"Ndalankhula kale ndi achimwene a Zebedee ku Kawale. Atipatsa chipinda, katundu tiika pakhonde lakuseri."

"Ine, bambo wa ana, kukakhala kwa alamu?"

"Abambo a Lusayo, manyazi a miyezi itatu amatha. Nyumba yolowa madzi tidzalira nayo mpaka ukalamba. Ine sindisuntha. Mvula igwe kaye, tikaone ndi maso athu. Ikakhala youma, ndidzakupepesani pamaso pa ana."

Kings anaimba foni mpaka kutopa, kenako ananena kuti nyumba ija yagulidwa ndi ena. Zinawapweteka kwambiri a Mhango. Anasamukira ku Kawale nkhope ili gwa. Munthu amene kwawo ankakhala pampando waukulu tsopano ankaima pamzere wa kubafa ndi ana a alamu ake, sopo ali m'manja. Masiku ena ankalankhula ndi akazi awo mawu awiri okha. A Sheila zinkawawawa, koma sanabwerere m'mbuyo. Loweruka lililonse ankawakoka amuna awo kukaona nyumba zina.

Mu Januwale kunagwa mvula ya tsiku lonse. Itayamba kukata, a Sheila anatenga ambulera. "Tiyeni ku Mtandire."

Anatsika minibasi n'kuyenda wapansi. Asanafike n'komwe anaona anthu ali piringupiringu. Nyumba yachikasu ija inali itaima m'madzi, ndipo madziwo analekeza ndendende pamene panalekeza penti wakuda. Banja limene linaigula linali kutulutsa katundu. Mayi wa m'nyumbamo ananyamula mwana paphewa, akulira. Mabuku a sukulu ankayandama pabwalo.

A Mhango anavula nsapato, n'kupinda buluku, n'kulowa m'madzimo kukathandiza bambo wa pakhomopo kunyamula matiresi. Atatuluka anapita pamene panaima akazi awo.

"Akanakhala Lusayo wathu ali paphewa paja," anatero motsitsa mawu. "Mundikhululukire, amayi."

Kuyambira tsikulo a Mhango ndi amene ankatsogola. Mitambo ikangoda, iwo ambulera m'manja, kukaona nyumba. Anzawo a ku Kanengo ankawaseka kuti asanduka a zanyengo. Mu Febuluwale anapeza nyumba ku Area 25 komweko, pamtunda. Inali yaing'ono, yopanda siling'i, ndipo mtengo wake unali wokwererapo. Anaiona mvula ikugwa, madzi akutsata ngalande bwinobwino. Anafunsa oyandikana nayo mbali zonse. Anakumana ndi mwini wake pamodzi ndi akazi ake, ndipo mwiniyo ananena yekha kuti denga la kukhitchini limadontha. Chilungamo chimenecho chinawalimbitsa mtima. Ku khonsolo anawatsimikizira kuti malowo ndi ovomerezeka ndipo dzina ndi la wogulitsayo. Analipira pamaso pa mboni, umwini n'kusinthidwa.

Tsiku lopaka penti, wopakayo anafunsa kuti wakuda alekeze pati. A Mhango anayang'ana akazi awo n'kuseka.

"M'kakolo, achimwene. Ife tilibe chobisa."

Inu amene mukufuna kugula nyumba, musalole kuthamangitsidwa ndi mawu akuti ena akuifuna. Mtengo ukatsika kwambiri, funsani chifukwa chake. Kaioneni nthawi ya mvula, funsani oyandikana nayo, kumanani ndi mwini wake, ndipo katsimikizeni ku khonsolo musanapereke ndalama. Inunso ogulitsa, nenani vuto la nyumba yanu poyera. Penti amabisa mzere wa matope, koma madzi akabwera amapeza ana a mnzanu ali m'nyumbamo.